Njinga zamoto zazing'ono zooneka zachikale: bwanji kuno sizifika?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Lilongwe, ndipo kwa zaka 2 ndakhala ndikusunga ndalama yogulira njinga yamoto yopitira kuntchito. Sindikufuna yooneka ngati ya kabaza. Pa Facebook ndimaona tinjinga tokongola tooneka tachikale, ta nyali yozungulira ndi mpando wosalala, monga Yamaha XSR155, Honda CT125 ndi Royal Enfield Hunter 350. Ndazungulira m'mashopu a mumzinda muno koma sindinapeze ngakhale imodzi. Ozifuna tilipo ambiri, nanga makampani akudikira chiyani? Kodi ndingoitanitsa kunja?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funsoli. Dandaulo lanuli si la Amalawi okha. XSR155 imene mwatchulayo inatuluka ku Thailand m'chaka cha 2019, koma anthu a ku India, dziko limene limagula njinga zamoto zambiri kuposa lina lililonse, anailirira mpaka kumapeto kwa 2025 pamene Yamaha inayamba kuwagulitsa. CT125 inatuluka mu 2020, ndipo kwa zaka zingapo anthu a ku Ulaya akhala akungoionera pa zithunzi ngati inu nomwe, ena n'kumachita kuitanitsa okha kuchokera ku Thailand. Ndiye musaganize kuti makampaniwa sakumva. Amamva ndithu, koma asanatumize njinga kudziko lina amayang'ana zinthu zimene pa chithunzi sizioneka: malamulo a laisensi ndi msonkho, malamulo a utsi, komanso ngati kumeneko kuli munthu wokonzeka kusunga sipeya zake kwa zaka zambiri.

Tiyambe ndi njingazo. Zachikale ndi maonekedwe okha, mkati n'zamakono. Mukachotsa thanki ndi nyali ya XSR155 mupeza injini ndi felemu zochokera ku Yamaha R15 ndi MT-15: injini ya 155cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) yoziziritsidwa ndi madzi, ya magiya 6, yomwa mafuta kudzera pa pampu ndi kakompyuta m'malo mwa kabureta. Nayo Honda inatenga injini imodzi yogona ya 125cc, ya banja la Wave ndi Grom, n'kuiveka zovala zosiyanasiyana: Super Cub C125 ndi Monkey 125 mu 2018, CT125 mu 2020, Dax 125 mu 2022. Za Honda zonsezi zimapangidwa ku Thailand. Kwa kampani iyi ndi bizinesi yokoma, chifukwa ndalama yaikulu yopangira injini inalowa kale, chotsala n'kusintha thanki, mpando ndi utoto, kenako n'kukweza mtengo.

Ogula ake alinso ndi zifukwa zomveka. Super Cub inayamba mu 1958, ndipo pofika 2017 inali itapangidwa yokwana 100 miliyoni. Monkey inayamba mu 1961 ngati kanjinga kokwera ana pamalo a zisangalalo ku Japan, Dax inabwera mu 1969. Munthu wa ku Osaka kapena ku Manchester amene anaphunzirira pa tinjinga timeneti ali mnyamata lero ndi wachikulire wa ndalama m'thumba, ndipo akaona kofanana ndi kake kaja mtima umamubwerera kuunyamata. Achinyamata a ku Bangkok ndi Jakarta nawo amazikonda pazifukwa zina: n'zopepuka, mpando ndi wotsika, zilibe mapulasitiki ambiri osweka zikagwa, ndipo munthu amatha kusintha chilichonse kuti yake isafanane ndi ya mnzake. Ineyo ndimawamvetsa. Njinga imene injini yake ikuoneka yonse, waya uliwonse n'kumadziwa komwe ukupita, imakoma kuiyang'ana komanso kuigwira.

Chimene chimalamula kwambiri komwe njinga yaing'ono ikagulitsidwe ndi nambala ya cc imene boma la dzikolo linalemba m'malamulo. Apa ndichedwapo, chifukwa anthu ambiri sadziwa kuti kukula kwa injini sikusankhidwa mwachisawawa.

Ku Ulaya laisensi ya A1 imalola njinga yosapitirira 125cc ndi mphamvu yosapitirira 11 kW. Ku Britain munthu akangochita maphunziro oyambirira otchedwa CBT amatha kuyamba kuyenda pa njinga ya 125cc. Ndiye njinga ya 155cc kumeneko ilibe mwini: wophunzira saloledwa kuikwera, pomwe amene ali ndi laisensi yaikulu amaona kuti bola agule ya 400cc kapena 700cc. N'chifukwa chake Yamaha sinapite nayo XSR155 ku Ulaya, m'malo mwake inatulutsa XSR125 mu 2021. Ku Indonesia ndi ku Thailand malire a 125cc alibe mphamvu yoteroyo, choncho 150cc ndi 155cc ndiye zimayenda malonda.

Ku Japan malire odziwika ndi 400cc, pomwe laisensi wamba ya njinga imathera. Yamaha itapanga SR500 mu 1978 inapanganso SR400 yogulitsa kwawo, njinga yomweyomweyo koma injini yochepetsedwa kuti ilowe pansi pa lamulo. Kulinso malire a 250cc, chifukwa njinga yopitirira pamenepo imayenera kukapimidwa kuboma nthawi ndi nthawi, zomwe zimadya ndalama. Kawasaki W230 ndi mbale wake Meguro S1, zimene zinatuluka mu 2024, nazonso zili pansi pa 250cc.

Ku India nambala ndi 350. Mukayang'anitsitsa, Hunter 350, Classic 350 ndi Meteor 350 zonse zili ndi injini ya 349cc, ndipo Honda CB350 ili ndi 348cc. Njinga yopitirira 350cc kumeneko inali kale ndi msonkho woonjezera, ndipo kuyambira September 2025 kusiyanako kunakula kwambiri: 18 peresenti kwa zosapitirira 350cc, 40 peresenti kwa zopitirira. Kakusiyana ka cc imodzi kamasintha mtengo wonse. Royal Enfield, imene inayambira ku Redditch ku England koma tsopano kwawo ndi ku Chennai, yakhazikika pa nambala imeneyi ndipo ndi imene yalamulira msika wa njinga zooneka zachikale ku India kwa zaka zambiri. Makampani ena ataona phindulo anathamangira komweko. Honda inatulutsa CB350 mu 2020, Harley-Davidson inagwirizana ndi Hero kupanga X440, ndipo Triumph inagwirizana ndi Bajaj kupanga Speed 400 mu 2023. Bajaj yake ndi yomweyi yopanga Boxer imene mumakwera pa kabaza.

Chachiwiri ndi utsi ndi mabuleki. SR400 ija inakhala pamsika zaka 43, yolizidwa ndi phazi basi, yopanda sitata, ndipo anthu ankaikondabe. Yamaha inasiya kuigulitsa ku Japan mu 2021 chifukwa malamulo atsopano a utsi ndi a mabuleki a ABS (oteteza kuti tayala lisakhwekhwereze pomanga buleki mwadzidzidzi) akanafuna kuisintha kwambiri, koma ku Thailand inapitiriza kugulitsidwa. Kawasaki W175 inatuluka ku Indonesia mu 2017 ili ndi kabureta. Itafika ku India mu 2022 inali itaikidwa pampu ya mafuta yamakono ndi ABS, chifukwa malamulo a utsi a kumeneko otchedwa BS6 a 2020 komanso lamulo la mabuleki a njinga zopitirira 125cc sakanailola mwina. Dzina ndi limodzi, koma njinga ziwirizi sizibwerekana sipeya zonse. Mfundo imeneyi muisunge, ikuthandizani mukamaitanitsa.

Kusintha njinga kuti igwirizane ndi malamulo a dziko lina, kuipimitsa, kuphunzitsa amakaniko ndi kudzaza nyumba ya sipeya kumadya ndalama zofanana kaya mugulitsa njinga 500 kapena 50,000. Pa njinga yaikulu yodula phindu la imodzi limakwirira zonsezo, pa yaing'ono phindu ndi lochepa, ndiye pafunika ogula ochuluka. Onani mmene CB350 inayendera: India mu 2020, Japan mu 2021 pa dzina la GB350, ndipo Ulaya inafikako mu 2025. Ngati Ulaya ndi ndalama zake zonse anadikira choncho, muone pomwe ife tili pamzerewo.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Msika wa njinga zamoto ku Malawi ndi waukulu ndipo ukukulirakulira, koma ndi msika wa ntchito. Wogula wamkulu ndi wakabaza, kapena bwana wogulira anyamata a kabaza, ndipo mafunso ake ndi atatu: lita imodzi iyenda mtunda wotani, mpando unyamula anthu ndi thumba la chimanga, ndipo tcheni ikaduka ku Nsundwe kapena ku Jenda sipeya ipezeka? Boxer, TVS, Lifo, Kinglion ndi zinzake zimayankha mafunso amenewa. Wamalonda amene wavutikira ndalama zakunja kubanki miyezi ingapo sangadzaze kontena ndi njinga imene mtengo wa imodzi ungagule za kabaza zingapo, n'kumadikira mphunzitsi mmodzi wa ku Lilongwe ndi dokotala mmodzi wa ku Blantyre. Za kabaza zimatha pasanathe mwezi, ndalama n'kubwerera. Mwanena kuti ozifuna mulipo ambiri, ndipo sindikukana, koma oyamikira chithunzi pa foni ndi ochuluka kuposa obwera pakauntala ndi ndalama m'manja, ndipo wamalonda amawerenga achiwiriwo.

Pali chinthu china chimene ndimafuna anthu athu atachiona. Maonekedwe amene a kunja akuwalipirira ndalama zambiriwa, kuno sanachokepo. Mu 1975 Honda inatulutsa CG125 itaona kuti m'maiko osauka anthu amachedwa kusintha oilo ndipo amasenzetsa njinga katundu wopitirira muyezo. Anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza, ya fyuluta ya mpweya yochapa n'kubwezeretsa. Ku Pakistan CG125 ikupangidwabe mpaka lero, ndipo injini zambiri za 125cc ndi 150cc zochokera ku China zinatengera pa iyo kapena pa Suzuki GN125. Makampani ena a ku Ulaya, monga Mash ya ku France ndi Brixton ya ku Austria, amatenga njinga zopangidwa ku China za mtundu woterewu, n'kuziika mpando wabulauni, matayala okhuthala ndi utoto wodekha, n'kuzigulitsa ngati zachikale zapamwamba. Njinga imene mnyamata wa ku Vienna akunyadira ili pachibale ndi imene yaima pa siteji ya kabaza pa Area 25. Ifenso tili ndi zakale zathu zokumbukira: Yamaha AG ndi DT, Honda XL, zimene alangizi a zaulimi ndi azaumoyo ankalowa nazo m'midzi. Kungoti kwa ife maonekedwe amenewa amatikumbutsa ntchito ndi fumbi, ndiye sitiwaona kukongola mpaka titawaona pa chithunzi cha kunja.

Pa za kuitanitsa, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Bambo wina anabwera kugalaja ndi kanjinga ka 125cc koitanitsa ku Japan, kofiira, koyera ngati sikanapondepo dothi. Anayenda nako miyezi yochepa osadandaula. Nthawi ya kusowa kwa mafuta anathira petulo wa m'zigubu, ndipo patapita masiku kanayamba kutsamwa pokwera mtunda, kenako kanazimiratu. Titatsegula thanki tinapeza pansi pake pali timadzi ndi zinyalala zofiirira, kasefa ka pampu katatsekeka, pampuyo ikungolira mofooka ngati udzudzu. Ikanakhala ya kabureta tikanamasula mabawuti awiri, kutsuka ndi petulo, kupemerera majeti, bamboyo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pampu ya mtundu umenewo sinapezeke m'shopu iliyonse, ndipo yoyamba imene anaitanitsa inafika yosalowa chifukwa inali ya njinga yopangira msika wina. Kanjingako kanakhala pakona titakafunditsa chitenje dzinja lonse, mwini wake akukwera minibasi. Njingayo inali yabwino ndithu, vuto linali loti inalibe abale ake m'dziko muno.

Sindikunena kuti musaitanitse. Ndikunena kuti mtengo umene mukuona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Muonjezerepo sitima mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, wokutulutsirani katundu padoko, ulendo wa pamsewu kudzalowa pa Songwe, Dedza kapena Mwanza, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic ndi inshuwalansi. Musanatumize ngakhale tambala, pitani ku MRA ndi dzina la njingayo, chaka chake ndi cc yake kuti akuwerengereni msonkho, musadalire zonena za wogulitsa. Funsani nambala ya felemu ndi ya injini, muone ngati zikufanana ndi za pamapepala. Ndipo ngati mwatsimikiza, m'bokosi lomwelo muikemo sipeya zimene zimatha msanga: mapadi a buleki, tcheni ndi masiproketi, mafyuluta, zingwe za kilachi ndi mafuta, zogwirira buleki ndi kilachi, ndipo ngati thumba likulola, pampu ya mafuta. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg, yambirani kuyang'ana kumeneko, chifukwa njinga imene ili ndi shopu yake ku South Africa, monga Triumph Speed 400, sipeya yake imatha kubwera pa basi m'masiku ochepa, kusiyana ndi kudikira ya ku Bangkok. Muonenso laisensi yanu, popeza njinga yosapitirira 125cc ndi yopitirira pamenepo zili m'magulu osiyana.

Pa zitatu mwatchulazo maganizo anga ndi awa. XSR155 ndiyo yothamanga, koma ndiyonso yofuna chisamaliro chambiri. Ili ndi redieta kutsogolo imene mwala ungaboole, ndipo ikayamba kuvuta pa zamagetsi imafuna makina oipimira amene amakaniko ambiri a njinga alibe. Hunter 350 ndi yokoma pa tala, injini yake ndi yodekha, koma imalemera pafupifupi makilogalamu 180 ndipo mimba yake ili pafupi ndi pansi. Ngati kwanu mumalowera msewu wafumbi wa zigwembe, nthawi ya mvula muzivutika nayo. CT125 ndiyo inabadwira misewu ngati yathuyi: imalemera pafupifupi makilogalamu 120, ekizozi ndi polowera mpweya zili m'mwamba, kumbuyo kuli keliyala yaikulu yoti mabuku a kalasi yonse akwanepo, ilibe chogwirira kilachi, ndipo imadya mafuta pang'ono kwambiri. Makolo ake, CT110, ndi amene ankanyamula makalata ku Australia kwa zaka zambiri. Chovuta chake ndi mtengo, komanso pampu ya mafuta ija imene imadana ndi petulo wakuda. Mukaigula, mafuta muzithira pa filing'i siteshoni pokha, ndipo musaisiye miyezi itaima ndi thanki yosadzaza, chifukwa petulo wathu amasakaniza ndi ethanol amene amakoka chinyezi.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo njira imene ndimalangiza anthu ambiri a malipiro a pamwezi ndi imene anyamata a ku Indonesia akhala akuchita kwa zaka: kugula njinga wamba yopezeka paliponse n'kuisintha maonekedwe. Gulani yatsopano ya 125cc kapena 150cc imene sipeya zake zili pa msika uliwonse, makamaka ya mawilo a masipoko. Chotsani zomatamata zonse ndi keliyala yaikulu ija. Ikani nyali yozungulira, yabwino yowala, osati yongokongola. Pitani kwa wosoka mipando ya galimoto akupangireni mpando wosalala wa mizere yopingasa, wa siponji yolimba ndi chikopa chosalowa madzi. Thanki aipente mtundu umodzi wodekha, wobiriwira moderako kapena wotuwa, ndi kamzere kamodzi kopyapyala. Ma indiketa ang'onoang'ono, magalasi ozungulira, zogwirira zabulauni, basi. Ndaonapo njinga yotere itaima panja pa banki anthu n'kumafunsa mwini wake kuti anaitanitsa kuti, chonsecho pulagi yake ndi yomwe ija ya pa okala.

Posintha pali zinthu zimene musalole. Felemu asaidule kumbuyo pofuna kufupikitsa mpando, chifukwa pamenepo ndi pomwe pamagwira mashoko, ndipo kuwotcherera kosalimba kumathyoka muli pa liwiro. Madigadi musachotse ngakhale pa zithunzi za kunja mukuona atachotsa, pokhapokha mukufuna kumafika m'kalasi malaya ali matope kumsana kuyambira December mpaka March. Bokosi la fyuluta ya mpweya lisiyeni mmene lilili, popeza tifyuluta tapoyera tija timameza fumbi la October n'kudya pisitoni. Matayala okhuthala a mizere yachikale amaoneka bwino, koma ena amaterereka pa tala wonyowa, ndiye sankhani tayala la kampani yodziwika la saizi yogwirizana ndi rimu. Ekizozi musaiboole. Mukasintha utoto wa njinga, kadziwitseni a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi zimene wapolisi akuona pamsewu. Ndalama imene mwapulumutsa posaitanitsa kunja, gawo lina mugulire chipewa chenicheni chotseka nkhope yonse, magolovesi ndi jekete yolimba. Zimenezi ndimazinena kwa aliyense wogula njinga, chifukwa ovulala pa njinga zamoto m'zipatala zathu achuluka kwambiri.

Kodi zidzafika m'mashopu athu? Ndikuona kuti khomo lake ndi India ndi China osati Japan. Bajaj ndi TVS ali kale ndi ogulitsa ndi sipeya m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo onsewa amapanga kale njinga za maonekedwe amenewa, monga TVS Ronin ya 225cc imene inatuluka mu 2022. Kwa wamalonda amene amaitanitsa kale kwa iwo, kuika njinga zitatu kapena zinayi zotere pakona ya kontena si chinthu chovuta ngati pali wina walipirako kale. Ndiye ngati mulidi ambiri monga mwanenera, sonkhanani anthu asanu kapena khumi, mugwirizane pa mtundu umodzi, mupite kwa wogulitsa wovomerezeka mukamufunse mtengo wobweretsera pamodzi ndi sipeya zake, ndipo zonse zimene mwagwirizana zilembedwe papepala musanapereke dipoziti.